Nsalu ya Chipani Yotembenuza

Ana inu, ikani mafoni pansi. Iwe Mphatso, ndakuona, wayibisa pansi pa pilo. Takondwa sendera kuno, ndipo usandiyankhe kuti "okay Grandad" ngati ndine dalaivala wa basi. Ine ndikulankhula, amayi anu akulemba, chifukwa cholembera chimandilemera kuposa khasu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma ku Ntcheu kunalibe mphunzitsi amene mawu ake ankafika pamene ankafika anga. Amayi anu akuti nditsitse mawu, aneba amva. Amve. Iwe wamng'ono, khala pamwendo pano. Nkhaniyi ndi ya dzina lako.

Kale uthenga sunkalira m'thumba ngati lero. Chipani chikafuna msonkhano, ankatuma ine. Ndinkakwera njinga yanga yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene, n'kukaima pa chulu cha kuseri kwa msika. Ndikangoti "Tamverani, tamverani," amayi ogulitsa kachewere kutsidya kwa mseu ankasiya kuyeza. Chimkuzamawu cha mabatire chinabwera pambuyo, koma ndinachibweza ku ofesi. Chinkandichepetsa mawu. Tsiku la msonkhano tinkakwera lole yonyamula fodya, fumbi mpaka m'mano, kamba wathu zitumbuwa ndi thobwa la m'chigubu chimene kale munali mafuta ophikira. Inu mukakwera basi ya kuno ku Hull, yofunda, ya mipando yofewa, mumadandaula kuti yachedwa. Ife lole ikafa pa chitunda tinkatsika n'kuikankha tikuimba.

Woyambitsa nyimbo anali malemu agogo anu aakazi. Mayi ameneyo ndinakhala naye moyo wonse osamutchula dzina pamaso pa anthu, chifukwa ife sitinkatero. Anali ndi nsalu ya chipani, ya nkhope ya mtsogoleri wathu, ndipo ankaivala kulikonse, kuchigayo, kusikelo, kumunda. Koma anali ndi lamulo lake limodzi. Akamapita ku maliro, nsalu ija ankaitembenuza, nkhope ya mtsogoleri n'kuyang'ana mkati. Ankati pa maliro sapitapo mtsogoleri, amapitapo munthu.

Tsono agogo anu ena, a Mbewe, amene mumawakonda chifukwa amakugulirani chokoleti, anali a chipani china. Anali kalaliki, wa tayi, wa dazi lowala ngati mbale yotsuka bwino. Malemu anawapekera nyimbo ya dazi limenelo, ndipo ngakhale ana a sukulu ankaiimba akawaona akudutsa. Ine ndikaima pa chulu changa, iwo ankaima pakhonde la sitolo n'kumapukusa mutu. Ndiye Mulungu, amene nayenso amadziwa kuseka, anatenga mwana wanga wamkazi ndi mwana wawo wamwamuna, n'kuwakumanitsa kusukulu kuno ku Mangalande. Mdani wanga anasanduka asewere anga. Iwo anabwera kuno kale, potsatira Anaphiri akazi awo amene anapeza ntchito ya unamwino. A Mbewe ankanyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu mpaka msana unakana, koma ndale za kwathu sanazisiye tsiku limodzi. Ine ndinabwera malemu atatisiya. Amayi anu anati, "Ababa, bwerani mudzapumeko miyezi ingapo." M'sutikesi ndinaikamo jekete, ufa pang'ono, matemba, ndi nsalu ija.

Ndisanazolowere n'komwe kuzizira, matenda aja anafika. Ndege zinaima. Za mapepala anga musandifunse, amayi anu ndiwo ankathamanga nazo. Tinatsekeredwa m'nyumba ngati nkhuku za mazira. Iwe Mphatso sukulu unkaphunzirira patebulo lodyera, utavala shati yabwino kumtunda, kumunsi kabudula wogonera.

Chaka chimenecho kwathu kunali chisankho chobwereza, ndipo chipani cha a Mbewe ndicho chinali m'boma. Boma lawo linati anthu akhale m'nyumba. Ife otsutsa tinati ayi, akufuna kuthawa chisankho, ndipo mayi wogulitsa tomato akakhala m'nyumba adya chiyani? Misonkhano yathu inkadzaza, anthu phewa ndi phewa, ine ndikuonera pafoni, mtima ukuvina. A Mbewe ankandiimbira m'mawa uliwonse kundiuza kuti chipani changa chipha dziko, kuti ndivale masiki, kuti ndisambe m'manja. Ine ndinkawayankha kuti munthu amene pakamwa pake ndiye ntchito yake sangamangidwe pakamwa ngati ng'ombe yodya chimanga cha eni. Ndinkangofukiza. Mabulugamu kuno kulibe, ndiye ndinkawiritsa mandimu ndi jinja n'kudzifunditsa bulangete, thukuta kamukamu, mpaka belu la utsi la kukhitchini linalira, bambo anu n'kutsika masitepe atanyamula thaulo lonyowa.

Musaganize kuti zinali za ife tokha. Mzungu wa khomo loyandikana nafe, bambo uja wa agalu awiri, ankandiuza kudzera pa mpanda kuti akuluakulu a ku London amatseka mizinda ya kuno kumpoto, yawo n'kuisiya. Chingerezi chake sindinkachimva chonse, koma nkhope ya munthu wotukwana boma ndimaidziwa m'chilankhulo chilichonse. Pa wailesi ya kanema ndinkaonanso a ku Amereka akukangana, wina wavala masiki, wina wakana, aliyense potengera amene anamuvotera. Ndinati kodi, ndiye anthu ophunzira nawonso ali ngati ife a pa chulu.

Kenako tinapambana chisankho. Ndinavina m'khitchini muno mpaka bondo linatupa. Pasanapite nthawi ndinaona atsogoleri anga pafoni, onse atavala masiki, akuuza anthu kuti matendawa ndi enieni. Takondwa usaseke. Ine sindinasinthe maganizo, inasintha ndi nthawi. Ndinaitana amayi anu n'kuwapatsa nsalu ya malemu kuti adulepo kachidutswa kumapeto. Anaima kaye ndi sizasi m'manja, osadula, mpaka ndinawauza kuti mwini wake akadakhalapo akadadula yekha. Masiki inatuluka yabwino, kungoti nkhope yonse sinakwane. Pakamwa panga panagwera khutu la mtsogoleri ndi theka la diso. Ndinati zili bwino, azimva zonse zimene ndikunena.

Nawo a Mbewe anatembenuka tsiku lomwelo. Munthu amene ankandiimbira kuti ndisambe m'manja anayamba kunena kuti boma latsopano likukuza matenda kuti lidyerepo. Masiki anaivula. Anaphiri, namwino wathunthu, ankalankhula mpaka kutopa. Ndiye kumbukirani kuti a Mbewe ali ndi shuga, ali ndi BP, ndipo zaka zawo ndi zanga sizisiyana kwenikweni, ngakhale iwo amati ndine wamkulu.

Iwe wamng'ono unabadwa nthawi ya kuzizira, masamba atathothoka. M'banja mwathu tinkasinthana. Mphatso anamutcha dzina a Mbewe, Takondwa ndinamutcha ine, ndipo wachitatu inali nthawi yawo. M'mapepala a boma anakulemba la Chingerezi lija limene amakuitanira kusukulu, koma limenelo ndi la mapepala. Dzina lenileni linkadikira a Mbewe. Bambo anu anawapempha kuti angolitchula pafoni, iwo anakana. Anati dzina silitumizidwa ngati uthenga. Mwana umamunyamula, umamuyang'ana nkhope, dzina limabwera lokha. Apo ndiye ndinagwirizana nawo, koma sindinawauze.

Amayi anu nawo anaika lamulo lawo. Iwo ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba mpaka mimba itakula, ndipo anaona zimene anaona. Sankazinena, koma pobwera ku shifiti ankavulira zovala pakhomo n'kukakhala m'bafa nthawi yaitali madzi akungotayika. Anati palibe wakunja adzanyamule mwanayu asanabayitse katemera, kaya ndi apongozi, kaya ndi bishopu. Ndiye iwe unkangotchedwa Bebi. Unayamba kumwetulira uli Bebi. Ine ndikakunyamula ndinkasowa pokugwira ndi pakamwa, chifukwa munthu wopanda dzina sungamudalitse bwinobwino.

Katemera atafika, anayambira ife okalamba. Ine ndinapita tsiku loyamba limene anandiitana, nditavala jekete ndi khutu la mtsogoleri. Jakisoni wake kanali kanthu kakang'ono. Onani chipsera ichi paphewa, ichi ndiye chinali katemera. Tili ana ankabwera ndi njinga anthu a zaumoyo, kutindandalitsa pansi pa mtengo wa mango, n'kutikanda ndi kachitsulo chifukwa cha nthomba. Ena ankathawira m'chimanga, amayi awo n'kukawakoka makutu. Palibe amene ankafunsa kuti kachitsuloko n'ka chipani chanji.

A Mbewe anawaitananso, koma sanapite. Anati katemera amene akumulalikira a boma la a Kamwendo, ndiye kuti ineyo, sangalowe m'thupi mwawo. Bambo anu anawauza kuti awa ndi a kuno ku Mangalande, boma la kwathu silikuwadziwa n'komwe. Iwo anati zonse n'zimodzi. Masiku omwewo matenda anakula kwathu, mauthenga a maliro ankalowa m'foni ngati mvula, ndipo akulu awo a a Mbewe anamwalira kuchipatala. Maliro anaonera pafoni. Ine ndinawaimbira n'kunena pepani, iwo n'kuyankha zikomo, basi. Kuchokera apo anasiya kundiimbira m'mawa. Anaphiri anauza amayi anu kuti munthu uja sakutsika n'komwe kuchipinda, akungokhala pazenera.

Ndinaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yanga. Munthu amene ndinkasonkhanitsa boma lonse la Ntcheu ndingalephere kalaliki mmodzi? M'mawa wina ndinauza amayi anu kuti ndikukawongola miyendo, n'kukwera basi yowoloka mtsinje. M'basi monse tinalimo ine ndi mayi wina wachizungu kumbuyo. Ndinatsika pamseu wa a Mbewe, nyumba zofiira zogundizana zija, n'kuima tsidya lina moyang'anana ndi zenera lawo. Chulu panalibe, ndinakwera pa kakhoma ka njerwa. Ndinapinda mkono wa jekete kuonetsa pamene anandibaya, n'kukoka mpweya ngati kale.

"Tamverani, tamverani, anthu a mseu uno. Chipani cha a Kamwendo chabayitsa, ndipo chaima chilili. Chipani cha a Mbewe chabisala kuseri kwa katani, chikuopa singano yochepa ngati munga wa nthula."

Makatani anayamba kugwedera mseu wonse. Gogo wina wachizungu anatuluka pakhomo n'kuyamba kuomba m'manja, mwina ankayesa ndi zija zothokoza a chipatala. Ine ndinapitiriza, mpaka ndinaimbako nyimbo ya dazi ija. Zenera la pamwamba linatseguka, mutu wowala uja n'kutulukira.

"Asewere, mukundichititsa manyazi pamaso pa azungu."

"Azungu sakumva. Amene mukumva ndinu."

Ndinkayembekeza kuti anditukwane, tikangane bwinobwino ngati kale. Koma anayankhula motsitsa, moti ndinachita kutchera khutu. Anati akulu awo anafa akufunafuna mpweya, ana awo akuthamanga uku ndi uku osaupeza, boma lili langa. Anati anawaika m'manda anthu ovala mapulasitiki, mofulumira, ngati akukwirira chinthu chonunkha. "Ine ndinali pampando uno, foni m'manja. Pakhomo pano sipanakhale munthu ngakhale mmodzi. Ndiye inu mwabwera ndi nyimbo."

Ana inu, m'moyo mwanga anthu amene ananditseka pakamwa ndi awiri, malemu agogo anu ndi dokotala wa mano. Tsiku limenelo anakhala atatu. Inu simudziwa, chifukwa kuno munthu akamwalira mumatumiza khadi ndi maluwa. Kwathu maliro amawakhalira. Umapita pakhomo pa namfedwa, umakhala pansi, sulankhula zambiri, mwina sulankhula n'komwe. Iye akasuzumira panja aone kuti pali anthu. Ndinatsika pa kakhoma paja, n'kuvula chipewa. Ndinamasula masiki, n'kuitembenuza, khutu la mtsogoleri kuyang'ana mkati, n'kuivalanso. Ndiye ndinakhala pansi m'mphepete mwa mseu, pa simenti yozizira ngati madzi a m'chitsime cha m'dambo mwezi wa Juni.

Zenera silinatsekedwe. Iwo kumwamba, ine pansi. Galimoto ya zinyalala inadutsa, anyamata ake n'kumandiyang'ana. Gogo woomba m'manja uja anabwera kudzafunsa ngati ndadwala, ine ndinangopukusa mutu. Patapita nthawi Anaphiri anatsegula chitseko, n'kuika kapu ya tiyi ndi mpando wa pulasitiki pageti, n'kubwerera. Tiyi ndinamwa, mpando ndinausiya. Pa maliro mwamuna wobwera kudzapepesa sathamangira mpando.

Mawa lake ndinapitanso, ndi mkuja wake. Amayi anu atadziwa anakalipa, amvekere mudwala chibayo, apolisi akugwirani, malamulo salola. Ndinawauza kuti malamulo akuletsa kulowa m'nyumba za anthu, ine sindikulowa, ndipo kukhala pansi nakonso n'kuwongola miyendo. Anandiyang'ana, n'kupita kukanditengera katoni yoyala pansi ndi masokosi a bambo anu. Bambo anuwo ataweruka anabwera kudzakhala chapatali pang'ono, kenako mkulu wina wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, aliyense pake pake motalikirana ngati mapando a chimanga. Sitinaimbe. Tinangokhala.

Tsiku lina chitseko chinatseguka, n'kutuluka a Mbewe eni ake, atavala tayi. Anali ataonda, kolala ikuchita kuzungulira khosi. Anaima pageti n'kunena kuti maliro atha, tizipita kwathu tisanafe ndi chisanu n'kuwapatsa ntchito ina. Kenako anandiloza. Anati akabayitsa, koma pa zifukwa zawo, osati chifukwa cha phokoso langa. Ndipo anaika mfundo ziwiri, poti kalaliki salankhula popanda mfundo. Yoyamba, amva kuti akatemera alipo amitundu ingapo, ndiye iwo safuna umene ndinalandira ine. Yachiwiri, sangayende mu Hull ndi masiki ya buluu ya kuchipatala pamene chipani changa chikuyenda ndi khutu la mtsogoleri. Anaphiri anakafukula nsalu ya chipani chawo pansi pa sutikesi, n'kuwasokera masiki yawo. Iwo inawagwera bwino, panatuluka mphuno yonse ndi magalasi.

Ndinawaperekeza pa basi, iwo mpando wa kutsogolo, ine wa kumbuyo. Pamzere anaima ngati akukavota, manja kumbuyo. Atafika kwa namwino anafunsa m'Chingerezi chawo cha tayi kuti mtundu wake ndi uti, n'kutulutsa mutu pakhomo kundifunsa kuti wanga unali uti. Ine dzina lake sindinkalidziwa, ndinawaonetsa kakhadi kanga chapatali. Mwamwayi tsiku limenelo kunali mtundu wina. Mpaka lero amati wawo unali wamphamvu kuposa wanga, chifukwa unawagoneka ndi malungo pamene ine sindinamve kanthu. Ine ndimati thupi la chipani cholimba silimva kajakisoni.

Tinadikira mpaka kunja kutayamba kufunda, maluwa achikasu aja atatuluka, boma la kuno litalola anthu kukumana panja. Tinayala mipando kuseri kuno, pamene pali njinga yako yathyokayo, Mphatso. Amayi anu anaphika mandasi, Anaphiri anabweretsa thobwa la ufa wogula kusitolo ya amwenye, lotsekemera koma lopanda mphamvu. A Mbewe anasamba m'manja kawiri amayi anu akuyang'ana, n'kukhala pansi, n'kutambasula manja. Iwe unali utakula kale, wolemera, ndipo chinthu choyamba unagwira magalasi a mtsogoleri wawo pamasiki n'kukoka. Anakuyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditakonzeka kumva dzina la ndale, lotinyoza ife a boma, ndipo yankho ndinali nalo kale pakamwa.

Iwo anayamba kulankhula osandiyang'ana. Anati amayi awo atamwalira ku Ntcheu, chinali chaka cha chisankho, anthu a zipani zathu sankapatsana ngakhale moni. Koma m'mawa atatuluka m'nyumba ya siwa, munthu woyamba kumuona pa mafuwa, akusonkhezera moto, anali mayi uja wowapekera nyimbo ya dazi. Nsalu yake anali ataitembenuza. Anakhala mpaka tsiku lometa, osaimba nyimbo ina koma za tchalitchi. A Mbewe anati zimenezi anaziiwala zaka zonsezi, anazikumbukira ali pazenera paja.

"Mwanayu ndi Esinati," anatero.

Amayi anu anathawira m'khitchini, mandasi n'kupserera. Ine ndinayang'ana agalu a mzungu uja kudzera pa mpanda, chifukwa m'maso munalowa kanthu. Dzina limene sindinalitchule pagulu moyo wanga wonse linatuluka pakamwa pa munthu wa chipani china, kudutsa pa mphuno ya mtsogoleri wake. Nditapeza mawu ndinawauza kuti atcha bwino, ngakhale kuti boma lawo linali lakuba. Anati langa ndiye likuba mothamanga. Anaphiri anati tikapitiriza atilanda thobwa.

Masiki ija ilipo, ili m'sutikesi limodzi ndi nsalu yotsala, ndipo nsaluyo ndi yako, Esinati, ukadzakula. Amayi ako adzakuonetsa mbali yovalira ku msonkhano ndi mbali yovalira ku maliro. Lamlungu a Mbewe akubwera kudzadya, ndipo ndamva kuti akonzeratu mfundo zatsopano, ndiye Takondwa undiikire mpando wanga pafupi ndi zenera kuti mawu azituluka bwino. Amayi anu akuti dzanja latopa. Esinati, tsika tsopano, mwendo wachita dzanzi. Kaitane bambo ako kumwamba kuti tiyi wapsa. Usakwere masitepe, ingoitana uli pompano, poti mawu unatengera ine. Akumva.